Mawu a Mlonda wa pa Geti

1. Njira yotsekedwa

Kale njira yochokera kwawo kwa Nelesi kupita kusukulu inali yachidule. Inkadutsa m'minda ya chimanga, n'kukatulukira pamsewu wa ku Silverest. Tsopano mindayo inali maploti. Anthu a ku Lusaka anagula malowo, anamanga nyumba makumi atatu, n'kuzizinga ndi mpanda wa mabuloko wokhala ndi waya wamagetsi pamwamba. Ana a m'mudzi ankazungulira mpandawo, ulendo wa mphindi makumi anayi.

Mpandawo unali ndi geti lalikulu kumsewu, ndi lina laling'ono loyang'ana kumudzi, lolowera antchito. Mlonda wa pa geti laling'onolo anali ba Matthias, bambo ake a Nelesi.

Ba Matthias anali achibwibwi chibadwire, ndipo sankalankhula zambiri. Mkazi wawo atamwalira, mawu awo anacheperatu. Pakhomo ankakhala atatu: iwowo, Nelesi wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndi mlongo wawo wamkulu, ba Selestina, amene ankagulitsa mkaka wopikula ku Palabana.

Lachitatu lina Nelesi anachedwa, ndipo kusukulu kunali mayeso a masamu. Anathamangira pa geti pamodzi ndi mnzake Justina.

"Ba tate, titsegulileni lelo chabe. Tizapita mothamanga, palibe azationa."

Ba Matthias anayang'ana kamera imene inali pamwamba pa geti. Kenako anayang'ana mwana wawo. Milomo inagwedera kaye mawu asanatuluke.

"Si-si-sichiloledwa. Zu-zu-zungulilani."

Justina anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

Nelesi anafika mayeso ali pakati. Analemba theka lokha, ndipo masana anamupatsa chilango chotchetcha udzu kuseri kwa zimbudzi. Atabwerera kunyumba anapeza bambo ake amuikira cholembera chatsopano pawindo. Sanachikhudze.

2. Filimu ya mpanda

Kumsika, pakati pa chigayo ndi malo ometera, panali kanyumba ka malata. Mwini wake anali Jabez, mnyamata wamkulu wa ndevu zochepa ndi pakamwa posatopa. M'kanyumbamo munali TV, batire la sola ndi mabenchi asanu ndi limodzi.

Ntchito ya Jabez inali kumasulira mafilimu. Ankazimitsa mawu a azungu pa kompyuta yake n'kuikamo ake m'Chinyanja. Akatha, ankaonetsa filimuyo Loweruka masana, ndipo anthu ankaitengera m'mafoni mwawo.

Mwezi umenewo anapeza filimu yatsopano. Dzina lake lachingerezi palibe ankalisamala. Onse ankangoti filimu ya mpanda.

Inali ya zaka za m'tsogolo. Mvula inaleka kugwa padziko lonse. Olemera anamanga mzinda wozingidwa ndi khoma lachitsulo lofika m'mitambo, ndipo madzi onse otsala anali m'kati. Osauka ankakhala kunja, m'fumbi, aliyense ali ndi nambala yake pakhosi. Tindege topanda munthu tinkawasaka ngati mbewa. M'filimumo munali mtsikana wina wa kunja, wometa mpala, amene analowa mumzindawo kudzera m'paipi ya madzi oipa.

Jabez anali asanaimasulire, koma anthu anaumirira kuti aionetse choncho. Mafilimu ena ankaonera akuseka ndi kuimba mluzu. Iyi ankaonera atatsamira kutsogolo, ali chete.

"Ati ni za kutsogolo," anatero Jabez atayatsa nyali.

"Kutsogolo kwa ndani?" anafunsa Kondani, wometa uja. "Ise tinafika kudala. Chasala chabe ni nambala pamukosi."

"Nambala uli nayo mu thumba, ya reji yako, chitupa cha boma," anatero mayi wina wogulitsa tomato.

"Nanga madzi? Mukati mwa maploti muja bathilila kapinga na paipi. Ise pa mujigo tifola kuyambila 5."

Nelesi anaionera kanayi. Chingerezi ankachimva bwino, kotero ankadziwa mawu onse pamtima. Chimene chinamugwira mtima chinali mtsikana wampala uja. Mtsikanayo sankapempha. Akapeza chitseko chotseka, sankagogoda.

Potuluka m'kanyumbamo, Nelesi ankaona mpanda wa maploti uli mbee padzuwa, ndipo ankamva ngati filimuyo siinathe.

3. Pempho la Jabez

"Iwe Nelesi, bakamba ati Chizungu uchimwa monga tobwa," anatero Jabez tsiku lina. "Bazungu aba bakamba mothamanga. Futi nifuna mau ya mukazi. Ine nikayesa nimveka monga mbuzi ili na chimfine."

Nelesi anavomera. Masiku atatu, akaweruka kusukulu, ankakhala pa kompyuta ndi Jabez. Iye ankalankhulira mtsikana wampala. Atamva koyamba mawu ake akutuluka pakamwa pa mtsikanayo, anapempha Jabez kuti abwezere, amverenso.

Lachinayi anafika pagawo la mlonda. Mayi wa kunja anabwera pa geti la mzinda atanyamula mwana wodwala. Mlonda wovala chophimba kumaso chachitsulo anamutsekereza ndi mfuti, n'kunena mawu awiri okha.

Jabez anayesa ndi mawu aakulu. Anayesanso. Anapukusa mutu.

"Sichikoma. Alibe moyo uyu muntu."

Nelesi sanaganize. Anagwedeza milomo, anatsinzina diso limodzi monga ankachitira bambo ake, n'kunena: "Si-si-sichiloledwa. Zu-zu-zungulilani."

Jabez anagwa pa benchi ndi kuseka. Anadzuka akupukuta misozi.

"Ba Matthias bene-bene! Bweleza pa maiki, manje manje!"

"Awe. Ni ba tate."

"Nanga tizachula zina? Mvela, mufana wanga. Filimu siigwila ngati mulibe chintu chamene bantu baziba. Nizasitsa mau yako pa kompyuta, yazamveka ya mwamuna. Palibe azaziba ati ni iwe."

"Bonse bazaziba ati ni beve."

"Beve bazibika kudala. Ndani sanabwezedwepo pa geti paja? Iwe wemwine bakubweza. Yenda uganize. Mailo unipase yankho."

4. Chenjezo la ba Selestina

Madzulo dzuwa lisanalowe, Nelesi anali kuseri kwa nyumba akutsuka zigubu za mkaka. Ankayeserera mawu aja motsitsa, kuti aone ngati angawabwereze ndendende. Sanamve kuti azakhali ake aima kumbuyo.

"Bwelezanso," anatero ba Selestina.

Nelesi anapitiriza kutsuka chigubu.

"Nati bweleza. Kapena ufuna maiki?"

"Ni za filimu chabe, ba anti."

Ba Selestina anatembenuza chigubu chimodzi n'kukhalapo.

"Khala pansi, unimvele. Nizakamba kamodzi.

"Filimu yanu ija naiona. Ninalowa Loweluka, ninakhala kumbuyo. Ni yabwino, sinikana. Niziba chamene muikondela. Ikamba zamene zili pamtima panu, zamene ise akulu tinameza. Munda uja tinalima zaka makumi awili. Pamene pali nyumba ya denga lobiliwila paja ndiye panali nkhokwe yathu. Uganiza ine nikapita pa mpanda paja mtima suwawa?

"Koma unaona chimene anachita aja opanga filimu? Mlonda uja anamuveka chitsulo kumaso. Uziba chifukwa? Kuti umuzonde, udane naye popanda kumva chisoni. Alibe nkhope, alibe kwao, sadya, sadwala. Amene anamanga khoma akhala pamwamba, amwa madzi ozizila, saoneka. Amene aoneka ni wa pa geti. Mwala ukaponyedwa ufikila iye.

"Atate ako ali na nkhope. Amene anagulitsa munda si iwo. Tsiku limene anabwela oyeza malo, mlongo wanga anaima pakati pa chimanga kufuna kukamba, mau anakana. Anthu anamudikila pang'ono, kenako anapitiliza kuyeza. Pamene anafuna mlonda, iye anapita, kuti iwe usasiye sukulu. Kamela ija siiyang'ana mbala. Iyang'ana iye.

"Tili ana ku Katete, mphunzitsi wina anamuimika kutsogolo kuti awelenge. Kalasi yonse inamuyesezela. Matthias anakhala chaka chathunthu osakamba na munthu. Chaka, Nelesi. Amai anali kumufunsa ngati wakhuta, iye kungogwedeza mutu.

"Amai ako anakwatiwa naye chifukwa anali kuziba kudikila. Iye akayamba liu, iwo sanali kumumalizila. Pa dziko pano panali anthu atatu amene Matthias anali kukamba nao osaopa. Mmodzi tinaika m'manda. Tatsala awili, ine na iwe.

"Ine nigulitsa mkaka. Dontho limodzi la ndimu likagwela m'chigubu, sungalichotsemo. Chigubu chonse chapita."

Nelesi anakanda pansi ndi chala.

"Nanga nanama? Si mwamene bakambila?"

"Sunaname," anatero ba Selestina akuimirira. "Ndiye chifukwa chake chizabaya."

Nthawi yomweyo njinga inalira pabwalo. Ba Matthias anali atafika. Anatsamiritsa njingayo pakhoma, anavula chipewa.

"Mwa-mwachoma bwanji, amama?" anafunsa mwana wawo. Ndi mmene ankamuitanira kuyambira ali wakhanda.

"Bwino," anatero Nelesi, maso ali m'chigubu.

5. Lachisanu

M'mawa mwake aphunzitsi anabweza mapepala a masamu. Nelesi anali wachiwiri kuchokera kumapeto. Justina anasuzumira pepalalo n'kunong'ona kuti, "Uzazungulila giledi, mwana."

Ataweruka, Nelesi anapita molunjika kwa Jabez.

"Yatsa maiki."

Anajambula katatu. Kachitatu anawonjeza kupuma kuja kumene bambo ake ankapuma liwu likakanirira pakhosi. Jabez anatsitsa mawuwo pa kompyuta. Chotuluka m'sipika sichinalinso kuyeserera. Anali ba Matthias.

Loweruka kanyumba kanadzaza mpaka ena anaima pakhomo. Mlonda wachitsulo atatsegula pakamwa, malata anagwedezeka ndi phokoso. Anthu anakuwa kuti Jabez abwezere, ndipo anabwezera kanayi. Chakumapeto kwa filimuyo, mtsikana wampala anakankha mlondayo kuchoka pamwamba pa khoma. Anthu anaimirira pa mabenchi akuwomba m'manja.

Kondani anagwira Nelesi dzanja. "Iwe ndiwe sitala! Lusaka ikuyembekeza!"

Pofika Lolemba filimuyo inali m'mafoni kuyambira ku Palabana mpaka kwa Nkomeshya. Ena anadula kagawo ka mlonda kokha n'kumatumizirana. Makondakitala a minibasi, galimoto ikadzaza, ankauza otsala kuti, "Zu-zu-zungulilani!" Amayi a pa mjigo ankauzana chimodzimodzi wina akafuna kudumpha mzere. Ana aang'ono anapeza masewera atsopano: ankakwera pachulu choyang'anana ndi geti, n'kumakuwa mawuwo onse pamodzi mpaka atatopa.

Ba Matthias ankapita kuntchito ndi kubwerako monga kale. Lolemba anapereka moni. Lachiwiri anangokweza dzanja. Kuyambira Lachitatu ankalowa m'nyumba chipewa chili kumutu, n'kudyera kuchipinda.

Ba Selestina sananenenso kanthu kwa Nelesi. Zigubu ankatsuka okha.

6. Benchi lakutsogolo

Loweruka lotsatira Jabez anaonetsanso filimuyo. Nelesi anakhala pambali pa kompyuta. Filimu itangoyamba, kuwala kunalowa pakhomo, ndipo phokoso linazima kuyambira kumbuyo.

Anali ba Matthias, atavala yunifomu yawo. Anayenda pakati pa mabenchi mpaka kutsogolo. Anthu anawapatsa malo ambiri kuposa ofunika. Anakhala pansi, anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

Jabez anawerama pafupi nawo.

"Ba mudala, iyi yavuta, ikudumpha-dumpha. Lekani niikeko ya mpila."

Ba Matthias anapukusa mutu, n'kuloza TV.

Anaonera yonse. Anaona fumbi, nambala za pakhosi, tindege tosaka anthu. Mtsikana wampala atayamba kulankhula ndi mawu a Nelesi, anapendeketsa mutu pang'ono ngati munthu womvetsera nyimbo.

Kenako mayi wa mwana wodwala anafika pa geti.

"Si-si-sichiloledwa. Zu-zu-zungulilani."

Palibe anaseka. Chigayo chokha chinkamveka kunja. Kondani anadzuka mwakachetechete n'kutuluka.

Mlonda atagwa kuchoka pakhoma, panalibenso wowomba m'manja. Ba Matthias anamutsatira ndi maso mpaka pansi.

Filimu itatha anthu anatuluka mofulumira, osayang'anana. Anatsala atatu.

"Ba mudala, ni nthabwala chabe," anayamba Jabez. "Sitinachule zina, futi ine..."

Ba Matthias anakweza dzanja, Jabez anatseka pakamwa. Anatembenukira kwa mwana wawo. Liwu linatenga nthawi yaitali, ndipo Nelesi anadikira.

"Fi-fi-filimu yabwino."

"Ba tate..."

"Mwa-mwakamba bwino. Si-simunaphonye."

Anazunguza chipewa m'manja. Anayang'ananso TV, imene tsopano inali yakuda.

"U-uja wa pa geti. A-a-ali na mwana?"

Nelesi anayang'ana Jabez. Jabez anayang'ana pansi.

"Filimu sinakambe," anatero Nelesi.

"Oo."

Anavala chipewa, natuluka.

7. Makiyi

Lamlungu ba Matthias sanapite kutchalitchi. Anakonza chitseko cha khola la nkhuku chimene chinali chitathyoka kalekale. Anadula nkhuni zambiri, anazisanja bwino pakhonde. Nelesi anayandikira kawiri. Kawiri konseko anabwerera asananene kanthu. Anadziuza kuti adzapepesa mawa.

Lolemba m'mawa anadzuka, anavala za kusukulu. Patebulo panali yunifomu ya mlonda yopindidwa bwino, chipewa pamwamba, nsapato pansi. Pambali pake panali makiyi. Njinga inali pamalo pake.

Ba Selestina anali atakhala pakhomo, manja ali pamiyendo. Sanapite kukatenga mkaka.

"Ba tate bali kuti?"

"Atenga chikwama chaching'ono na chithunzi cha amai ako. Akwela minibasi yoyamba."

"Bayenda kuti?"

"Ninafunsa."

"Bakamba chani?"

"Uganiza akamba?"

Nelesi anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Nizauza Jabez afafanize. Lelo lomwe."

"Afafanize m'foni ya ndani? Ya kondakitala? Ya ku Palabana?" Ba Selestina sanakweze mawu. "Ninakuuza kamodzi, sinibwelezanso. Manje mvela. Pa geti paja anthu alowa nchito 7 koloko. Tenga makiyi na yunifomu upeleke. Ine sinipita. Mau uli nao iwe, ukawauze wekha chimene chachitika."

Nelesi ananyamula zonsezo pachifuwa, nayamba kuyenda.

Ali patali anaona gulu pa geti. Anali antchito a m'nyumba zija, ochapa, olera ana ndi osamala maluwa, anthu oposa makumi awiri. Ambiri anali omwe aja ankaimirira pa mabenchi kwa Jabez. Ankayang'ana nthawi m'mafoni, ena akugogoda chitsulo ndi miyala. Ataona Nelesi ndi katundu wakeyo, anasiya. Anapatuka, n'kumusiyira njira pakati.

Kuseri kwa geti kunaima bambo wa taye, woyang'anira malowo, foni ili m'manja.

"Ndiwe mwana wa Matthias?"

"Inde."

Bamboyo anadina foni. Mawu aja anatuluka, omveka bwino m'mphepo ya m'mawa. Anaizimitsa asanathe.

"Bantu bakamba ati ni iwe. Segula, aba bachedwa. Ukasegula usayende, tili na nkhani mu ofesi."

Nelesi anaika yunifomu pansi, pa fumbi, kenako anaitolanso msanga. Anthu onse ankamuyang'ana m'manja.

Makiyi anali asanu. Sankadziwa kuti ayambe ndi ati.